Ambulansi iziima pati? Tiyeni tijambule pansi pompano

(Tili m'mbali mwa msewu wa M1 pa Lizulu, kumbuyoku amayi akugulitsa kachewere ndi kabichi)

Muli bwanji nonse amene mukuonera. Lero ndaima pa Lizulu, tsidya la msewuli ndi Mozambique kale, ndipo taonani mmene mathiraki ndi maminibasi akudutsiramu anthu ali piringupiringu ndi mabeseni a tomato m'mphepete mwenimweni mwa tala. Ndiye ndikufunseni, galimoto itagunda munthu pompano, ambulansi ichokera kuti, ndipo ifika patatha mphindi zingati? Ambirife tingoti ichokera kuchipatala chachikulu cha pa boma, ku Ntcheu kapena ku Dedza, poti ndi komwe tinazolowera kuziona zitaima. Komatu munthu amene akutaya magazi sadikira. Mayi amene wachira kumene magazi n'kuyamba kutuluka osasiya akhoza kutisiya pasanathe maola awiri ngati sathandizidwa. Nkhani ya malo oimika ambulansi ine imandikhudza pa chifukwa chimenechi.

(Wagwada pansi, akujambula ndi kamtengo pa dothi)

Mzere uwu ndi M1. Kumtunda kuno ndi Lilongwe, kenako Chimbiya, Linthipe, Dedza boma, Bembeke turn off, Masasa, Lizulu pano, Mlangeni, Biriwiri, Ntcheu boma, Kampepuza mpaka Chingeni. Mzere winawu ndi M5 wa kunsi kwa mapiri, Mtakataka, Mua, Golomoti, Kasinje, Sharpevale. Zitsekerero za mabotolo zitatuzi ndi maambulansi athu, tiyerekeze kuti tili ndi atatu okha basi.

Choyamba iwalani makilomita, werengani mphindi. Pa tala wabwino ambulansi ikamathamanga 80 pa ola, mphindi 15 imayenda makilomita 20. Ambulansi yomweyo ilowe msewu wafumbi mu Febuluwale matope ali thoo, ikuyenda 20 pa ola, mphindi 15 zomwezo yangoyenda makilomita 5. Ndiye amene amatenga mapu n'kujambula bwalo lozungulira chipatala n'kumati onse a mkatimu tawafikira, ameneyo akudzinamiza. Taonani Golomoti apa, pa mapu ali pafupi ndi Masasa ngati ungolumpha, koma amene munatsikako Khwekhwerere mukudziwa makhotawo, dalaivala phazi lili pa buleki njira yonse, muli wodwala kumbuyo simungathamange. Onjezani chifunga cha ku Dedza cha mu Juni ndi Julaye chija choti galimoto ya patsogolo panu osaiona.

Chachiwiri, ngozi sizigwa mofanana paliponse. Anthu okonza mapulani amatenga mabuku a kuchipatala ndi a apolisi a pamsewu n'kuika kadontho pa mapu paliponse pamene panachitika ngozi kapena pamene anaitana ambulansi, tsiku lanji, nthawi yanji. Madontho aja akachuluka amayamba kuonetsa okha, pa ma trading centre, tsiku la msika, madzulo kukamada pamene akabaza ndi oyenda pansi sakuoneka bwino. Masamu ake alipo ndithu. Mu 1974 akatswiri awiri a ku America, Richard Church ndi Charles ReVelle, analemba njira yoyankhira funso lomwe tili nalo pansi panoli, loti ngati magalimoto ndi ochepa, uwaike pati kuti anthu ochuluka zedi afikiridwe mkati mwa mphindi zimene mwagwirizana. Masiku ano kompyuta ndi imene imayesa malo onse mpaka kupeza abwino. Ku England anagwirizana kuti munthu amene moyo wake uli pachiswe, monga amene mtima waima, azifikiridwa mu mphindi 7 tikatengera pakatikati. Ife sitinganene 7, koma nambala yathu tikhale nayo, kaya 20 kaya 30, kuti tizitha kudziyesa.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ambiri amapaphonya.

(Akuchotsa chitsekerero chimodzi pa Dedza, akuchikankhira kumtunda)

Ambulansi iyi yanyamula wodwala kupita naye ku Kamuzu Central. Kuchoka pa Dedza kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85, kupita, kukapereka wodwala kwa madokotala, kubwerera, maola atatu apita osachepera. Nthawi yonseyo pa dothi apa pali mphako, taonani. Pa pepala dera lino lili ndi ambulansi, koma mukaimba foni palibe. Katswiri winanso wa ku America, Mark Daskin, mu 1983 anawonjezera zimenezi m'masamu aja. Tiyerekeze ambulansi imakhala ili pa ulendo theka la nthawi yake, mukadalira imodzi ndiye kuti mukaimba kanayi muipeza kawiri kokha, koma dera lanu likakhala loti awiri atha kulifikira, muipeza katatu. N'chifukwa chake nthawi zina ndi bwino madera a maambulansi awiri azilowana m'malo mowatalikitsa kuti mapu aoneke odzaza. Ndipo imodzi ikachoka inzake isunthe, ikaime pakati kudikirira. Zimenezi zimafuna munthu mmodzi amene akuona magalimoto onse nthawi imodzi n'kumauza madalaivala, monga mmene nambala ya foni yoitanira ambulansi ya 118 inakonzedwera pamene boma linayamba kuyesa ntchito ya maambulansi a ngozi pa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre mothandizidwa ndi World Bank.

Malo enieniwo asakhale pansi pa mtengo ayi. Pakhale netiweki ya foni, pogona dalaivala ndi namwino usiku, madzi otsukira galimoto ikabwera ndi magazi, ndipo mafuta akhale m'thanki kale, osati foni yalira ndiye muyambe kusaka dizilo.

Ndiye ine atatuwa ndingawaike chonchi. Imodzi pa Dedza boma, ina pa Ntcheu boma, yachitatu osaiunjika pamodzi ndi inzake, ibwere cha kuno pakati pa Masasa ndi Lizulu, kuti ya ku Dedza ikapita ku Lilongwe iyi ikwere pang'ono, ya ku Ntcheu ikachoka itsike. Koma taonani mzere wa kunsiwu, Golomoti, Kasinje, Sharpevale, palibe chitsekerero n'chimodzi chomwe. Ikapezeka yachinayi, ine ndiika pa Golomoti apa.