Kalata za Omvera: Dzanzi ndi Matuza Obwera ndi Zitsulo Zopachika

Okondedwa omvera, kalata yoyamba lero yachokera kwa bambo wina amene atipempha kuti tisawatchule dzina. Iwo alemba kuti: "Ndinagula kachipangizo komangirira zitsulo zolemera ku chida changa cha abambo kuti chitalike. Patha milungu isanu ndikupachika tsiku ndi tsiku, koma chopanira chake chimangotsetsereka, khungu latuluka matuza, ndipo ndikamasula ndimapeza mutu wa chidacho uli wozizira, wada bii, komanso wachita dzanzi. Kodi ndikumanga molakwika, kapena ndiwonjezere nsalu yokulungira?"

Zikomo bambo polemba mosabisa mawu, chifukwa ambiri amavutika chamumtima ndi nkhani ngati iyi. Komabe sindikuphunzitsani kamangidwe kena, popeza vuto lanu silili pa nsalu. Pamwamba pa chida cha abambo, pansi pa khungu lopyapyala lija, pamadutsa mtsempha umene umachititsa kuti mwamuna azimva kukhudzidwa, ndipo pambali pake pali mitsempha yopititsa magazi kumutu. Kuti chopanira chinyamule chitsulo chiyenera kufinya pamalo omwewo. Chikakhwepa chimatsetsereka n'kusupula khungu, chikathina chimatseka magazi ndi kupana mtsemphawo. Kuzizira ndi kuda kuja n'chizindikiro choti magazi sakufika, pomwe dzanzi likutanthauza kuti mtsempha wayamba kuvulala, ndipo mtsempha umachira pang'onopang'ono, nthawi zina osabwerera mwakale.

Ndikukupemphani kuti musiye lero lomwe. Matuzawo musawaphulitse, muziwatsuka ndi madzi aukhondo, ndipo mupumire kaye zogonana mpaka khungu litapola. Ngati dzanzi silikutha pofika mawa, kaonaneni ndi dokotala, makamaka woona za njira ya mkodzo. Koma ngati mtundu wa khungu sukubwerera mutamasula, kapena chatupa kwambiri, kapena mkodzo ukuvuta kutuluka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukanene zoona zokhazokha za chimene chachitika. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti kuvulala kobwerezabwereza kungathe kusiya chipsera cholimba mkati, chimene chimakhotetsa chida chikadzuka, nthawi zina n'kuchifupikitsa kumene. Madokotala amatcha vutoli matenda a Peyronie, potengera dzina la dokotala wa ku France amene analifotokoza mu 1743.

Kalata yachiwiri ndi yaifupi, ndipo yachokera kwa mnyamata amene akufunsa kuti: "Ndinamva kuti madokotala nawonso amapereka zipangizo zokokera, nanga zikusiyana pati ndi zitsulo?"

Mwamva zoona achimwene, koma zimenezo amapatsa makamaka odwala matenda a Peyronie omwewa, zimakoka pang'onopang'ono ndi mphamvu yoyezedwa, ndipo dokotala amakhala akulondoloza. Ngakhale zili choncho, pamene zathandiza, phindu lake limangokhala sentimita imodzi kapena ziwiri munthu atazivala maola angapo patsiku kwa miyezi yambiri. Chitsulo cholendewera chilibe umboni wodalirika wa akatswiri woti chimatalikitsa popanda kuvulaza.

Musanagule chilichonse, dziwani kaye muyeso weniweni. Mu 2015 ofufuza a ku London anasonkhanitsa miyeso ya amuna opitirira 15,000 amene anayezedwa ndi achipatala, ndipo anapeza kuti pakatikati chida chikadzuka chimatalika pafupifupi masentimita 13, pomwe chikagona chimakhala pafupifupi masentimita 9. Amuna ochuluka amene amapita kwa dokotala akudandaula kuti n'chaching'ono amapezeka kuti ali bwinobwino. Munthu akamadziyang'ana kuchokera pamwamba chimaoneka chachifupi, ndiponso mafuta a pachinena amabisa mbali ina, kotero poyeza muzikanikiza rula mpaka igunde fupa, chidacho chili chodzuka, kenako muwerenge mpaka kunsonga.