Uthenga wa mawu: usatchinge tirela ndi mwala

Eee mphwanga, wadzuka bwanji? Ndine malume ako kuno ku Chitakale. Uthenga wako ndauona usiku, koma kulemba pafoni maso sakundilola, ndiye ndati ndingojambula mawu. Ukuti Loweruka ukukoka katirela kaja kupita ku Likhubula, mukagone m'matenti ndi anzako, ndipo zotchingira matayala ukatola miyala konko. Ayi, za miyalazo usiye.

Ine zinandionekera. Chaka china nthawi ya chiperoni ndinaima pa kamsewu ka fumbi ku Thyolo, pakati pa minda ya tiyi, pamalo otsetsereka pang'ono chabe. Ndinatola mwala, kuuika kuseri kwa tayala, n'kumasula tirela. Katondo uja akanyowa amaterera ngati therere. Mwalawo unali wobulungira, tayala linangoukankha, tirela uyoo chambuyo, mpaka kukaima m'tiyi. Nyali yakumbuyo phwaa. Azimayi othyola tiyi, madengu kumsana, anaseka mpaka misozi. Ine sindinaseke, chifukwa pomwe inadutsapo panali patangochoka kamwana. Katirela kakoko n'chimodzimodzi, kalibe handibuleki. Ukakachotsa ku galimoto palibe chimene chikukagwira.

Ndiye tenga tepi, upime tayala kuchokera pansi kufika pamwamba. Matayala a tirela ngati yako, a limu 13 aja, amakhala masentimita pafupifupi 58. Chipika chotchingira chitalike mmwamba gawo limodzi mwa magawo anayi a tayalalo, tingoti masentimita 15. Chikachepa, tayala limachikwera n'kudutsa.

Pita kwa ogulitsa matabwa, ukanene kuti ukufuna sikisi bayi thu, mamita awiri. Limeneli ndi thabwa la masentimita 15 mulifupi, 5 kuchindikala. Likhale la bulugamu louma bwino. Paini naye amatheka poti tirela yako ndi yopepuka, koma ndi wofewa ndipo chiswe chimamukonda. Laliwisi usatenge, likamauma limang'aluka. Ndipo tamvera, wina akakunong'oneza kuti ali ndi mkungudza, umukane. Mtengo umenewo a Kamuzu anaulengeza kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984, kudula n'koletsedwa, ndipo m'phiri la Mulanjemu watsala pang'ono kutheratu. Sungauike pansi pa tayala m'matope.

Dikira kaye... iwe, chotsa nkhukuzo pa chimangapo! Eya, ndimati chiyani? Kudula.

Dula thabwalo zidutswa zisanu ndi chimodzi, chilichonse masentimita 25. Pa chidutswa chilichonse lemba mzere ndi pensulo kuchokera pa kona iyi kukafika pa kona yopingasana nayo, n'kucheka ndi sowo motsata mzerewo. Upeza tizidutswa tiwiri ta makona atatu, ngati samusa. Tonse pamodzi tikhala 12. Mbali yaitali ija ya 25 ndiyo yogona pansi, ya 15 ndiyo yoimirira. Usatembenuze, wamva? Mitsitsi ya thabwa iziyenda mogona, kutsata pansi. Ikaimirira, tayala likangopondapo chipika chimang'ambika ngati nkhuni.

Tsopano sanja tizidutswa titatu mbali ndi mbali, mulifupi mukwane masentimita 15, kufanana ndi tayala lako. Paka guluu wa matabwa pakati, kenako khoma misomali ya mainchesi 4, itatu mbali iyi, itatu mbali inayo, moti isakumane mkati. Bulugamu wouma ndi wamakani, msomali umapindika kapena thabwa limasweka. Boola kaye timabowo tating'ono. Ngati ulibe chobowolera, pinda khosi upite kwa kalipentala, sangakudule ndalama zambiri. Kansonga kopyapyala kakutsogolo ukadulepo pang'ono, chala chimodzi, chifukwa kamathyoka tsiku loyamba lomwe. Zipika zikhale zinayi, ziwiri pa tayala lililonse.

Apa ndiye pagona nkhani, pansi pake. Thabwa lopanda kanthu pa katondo wonyowa kapena pa udzu wa mame limatsetsereka ngati mwala wanga uja. Peza tayala lakutha la njinga yamoto, la akabaza aja. La galimoto lili ndi mawaya mkati, lingakuthere mpeni ndi zala zomwe. Dulapo chigamba chofanana ndi pansi pa chipika, ukhomere, mano a tayalalo ayang'ane pansi. Mitu ya misomali uimize ilowe mu labalamo, kuti chokhudza nthaka chikhale labala osati chitsulo. Anyamata osoka nkhwayira pa msika amadula zimenezi ngati akusenda mbatata, ungowapatsa muyeso.

Anthu ambiri akuuza kuti upake oilo wakutha poopa chiswe. Pa mitengo ya khola ndi bwino, koma pano ayi. Oilo amaterera, amawononganso labala la tayala. Paka penti, wachikasu kapena wofiira, kuti uziziona m'mamawa kukakhala nkhungu. Mbali imene tayala limatsamira usaipalepale kuti isalale, isiye yokhakhala choncho. Pomaliza boola bowo kumbuyo kwa chipika chilichonse, ulumikize ziwiriziwiri ndi chingwe cha nailoni cha mita imodzi. Chingwecho n'chokokera, kuti usamalowetse dzanja pansi pa tayala, komanso chimodzi sichisowa chokha.

Ukafika ku Likhubula, malo ambiri kumeneko ndi otsetsereka, ndi m'tsinde mwa phiri paja. Ima, koka handibuleki ya galimoto, usiye m'giya. Usanakhudze chomangira tirela, ika zipika. Yamba mbali yakumunsi, kumene tirela ingathawire, matayala onse awiri, kenako mbali yakumtunda. Uzichimenya ndi chidendene chilowe mpaka chigunde tayala, pakati penipeni, osasiya mpata. Pansi pakakhala pofewa sesapo masamba ndi timiyala kaye. Ukatero ndiye masula.

Pobwerera uyambira komwe unathera. Mangirira tirela ku galimoto, koleka tcheni, uonetsetse kuti yagwira, kenako chotsa zipika. Chakumunsi chija chikhala chitakanirira chifukwa tirela yachitsamira usiku wonse. Usalimbane nacho. Chotsa zakumtunda, usunthe galimoto pang'ono chokwera, chimasuka chokha. Ndipo mnzako wochotsayo aime pambali pa tayala, osati kumbuyo kwa tirela.

Tayala la njinga yamoto usagule, ndili nalo kuseri kwa khitchini. Ukadutse Lachinayi udzatenge, penti afunika tsiku lathunthu kuti aume. Uwapatse moni amayi ako.