Kodi Mariya anaberekanso ana ena atabadwa Yesu?

Moni nonse amene mukuonera. Ngati Baibulo muli nalo pafupi, litsekuleni, chifukwa lero tikhala tikutembenuza masamba.

[Pa sikirini: Marko 6:3]

Yesu wabwerera kwawo ku Nazarete. Tsiku la Sabata walowa m'sunagoge n'kuyamba kuphunzitsa, ndipo anthu amene anamuona akukula akunong'onezana: kodi uyu si mmisiri wa matabwa uja, mwana wa Mariya, m'bale wake wa Yakobo, Yose, Yuda ndi Simoni? Nanga alongo ake sitili nawo konkuno? Iwo ankangonyoza, koma anatisiyira mayina anayi a amuna, kuphatikizapo alongo osatchulidwa mayina, osachepera awiri. Mateyu 13:55-56 akubwereza zomwezi. Ndiye funso ndi ili: anthu amenewa anali ana a yani?

Akatolika ndi matchalitchi a Orthodox amaphunzitsa kuti Mariya anali namwali asanabereke Yesu, pomubereka, ndiponso moyo wake wonse. Apulotesitanti ambiri a masiku ano amavomereza kuti Yesu anabadwa mwa namwali, koma amati pambuyo pake Mariya ndi Yosefe anakhala monga banja lililonse, n'kubereka ana. Zindikirani kuti mbali zonse ziwiri sizikutsutsana pa kubadwa kwa Yesu. Mkangano uli pa zimene zinachitika m'nyumba ya Yosefe mwanayo atabadwa.

Abale amenewa satchulidwa kamodzi kokha ayi. Pa Marko 3 akubwera pamodzi ndi Mariya, aima panja, akumuitanitsa Yesu. Yohane 7:5 akunena mosabisa kuti abale akewo sankamukhulupirira. Pa Machitidwe 1:14 asintha, akupemphera limodzi ndi atumwi ndi Mariya. Paulo pa Agalatiya 1:19 akuti ku Yerusalemu anakaonana ndi Yakobo, m'bale wa Ambuye. Ngakhale Josephus, wolemba mbiri wachiyuda amene sanali Mkhristu, analemba za kuphedwa kwa Yakobo m'chaka cha 62, namutchula kuti m'bale wa Yesu wotchedwa Khristu. Choncho palibe amene angati anthuwa kunalibe.

Mayankho amene alipo ndi atatu, ndipo onse ndi akalekale.

Loyamba limadziwika ndi dzina la Helvidius, amene analemba ku Roma cha m'ma 380. Iye anati awa ndi ana a Mariya ndi Yosefe, ang'ono ake a Yesu. Buku lake linatayika; zimene ankanena timazidziwa kudzera mwa munthu amene anamutsutsa. Anatsamira pa Mateyu 1:25, pamene pakuti Yosefe sanakhale malo amodzi ndi Mariya mpaka atabereka mwana, ndi pa Luka 2:7, pamene Yesu akutchedwa mwana woyamba kubadwa. Ngati pali "mpaka", ndiye kuti zinasintha pambuyo pake. Ngati pali woyamba, ndiye kuti pali wachiwiri.

Mavesi awiriwa ndi amene anthu amathamangira mpaka lero, koma ine ndikuona kuti salimba monga mmene amaonekera. Pa 2 Samueli 6:23 timawerenga kuti Mikala, mwana wa Sauli, analibe mwana mpaka tsiku la imfa yake. Palibe amene amaganiza kuti anabereka atamwalira. Ndipo "woyamba kubadwa" m'Chilamulo cha Mose linali dzina la udindo: mwana wamwamuna wotsekula mimba anali wa Mulungu, monga pa Eksodo 13:2, ndipo ankawomboledwa atangokwana mwezi, makolo asanadziwe ngati adzakhala ndi wina. John Calvin mwiniwake, mmodzi wa atsogoleri oyamba a Apulotesitanti, pothirira ndemanga vesi la Mateyu lija, anati palibe chimene tingamange pa mawu amenewo zokhudza zimene zinachitika Khristu atabadwa. Komabe tisakokomeze. Mateyu akanafuna kutiuza kuti Yosefe sanamukhudze Mariya moyo wonse, akanatha kunena momveka, koma sananene. Vesili silitseka nkhani ku mbali iliyonse.

Mphamvu yeniyeni ya mbali ya Helvidius ili kwina: olemba Mauthenga onse anayi, Paulo ndi Josephus, onse akungoti "abale", osawonjezera kanthu, ndipo kawirikawiri abalewo akuoneka ali ndi Mariya. Munthu wowerenga koyamba, wosamvapo za mkanganowu, angaganize kuti ndi mayi ndi ana ake.

Lachiwiri ndi la amene anamuyankha Helvidius, wansembe wotchedwa Jerome, cha m'chaka cha 383, nthawi imene ankatumikira Papa Damasus ku Roma. Sanapsatire mawu, ndipo bukulo lili ndi chipongwe chambiri. Yankho lake linali lakuti abalewo sanali ana a Mariya, sanalinso ana a Yosefe, koma achibale chabe, ana a mchemwali wake wa Mariya. Anakumbutsa kuti pa Genesis 13:8 Abrahamu akuuza Loti kuti "ndife abale", chonsecho Loti anali mwana wa m'bale wake. Kenako anatengera owerenga pa mtanda.

[Pa sikirini: Marko 15:40 ndi Yohane 19:25]

Tiime pano pang'ono, pakuti apa m'pamene pagona nkhani ya Jerome. Marko akutchula amayi amene ankaonerera chapatali, ndipo mmodzi ndi Mariya, amake a Yakobo wamng'ono ndi Yose. Mayina awiriwa ndi omwe aja tinawamva ku Nazarete, ndipo abwera m'ndondomeko yomweyo. Tsono funsani: mayi ameneyu akanakhala amake a Yesu, kodi Marko akanamutchula ndi mayina a ana ena, mwana wake woyamba ali pa mtanda pomwepo? N'zovuta kukhulupirira. Yohane naye akutchula Mariya wa Klopa pakati pa amayi oima pafupi ndi mtanda. Jerome analumikiza zonsezi n'kunena kuti Yakobo ndi Yose ndi ana a Mariya winayo, amene iye anamutenga kuti ndi mchemwali wa amake a Yesu. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 500, amatsata njira yomweyi, kuti Yakobo ndi Yosefe (Yose uja) ndi ana a "Mariya wina" amene Mateyu amamutchula.

Ndi mfundo yanzeru, koma ili ndi ming'alu. Mayina a Yakobo, Yosefe ndi Mariya anali ofala kwambiri pakati pa Ayuda a nthawiyo, moti mabanja awiri akanatha kukhala ndi Yakobo ndi Yose popanda chodabwitsa. Mwina n'chifukwa chake Marko anawonjezera kuti "wamng'ono", pofuna kumusiyanitsa ndi Yakobo wotchuka uja. Komanso kuti mfundo ya Jerome iyende, pafunika atsikana awiri a bere limodzi onse akhale ndi dzina loti Mariya. Ndiye pali nkhani ya chinenero, imene pano sitingaizembe. Chiheberi ndi Chiaramu zinalibe liwu limodzi lapadera la mwana wa m'bale wa bambo kapena wa mayi, n'zoona. Koma Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki, ndipo Chigiriki liwulo chili nalo: anepsios. Paulo analigwiritsa ntchito pa Akolose 4:10 pofotokoza ubale wa Marko ndi Barnaba. Pa Yakobo, amene anakumana naye maso ndi maso, anagwiritsa ntchito adelphos, m'bale. Hegesippus, wolemba wachikhristu wa m'zaka za m'ma 100 amene mawu ake anasungidwa ndi Eusebius, wolemba mbiri ya mpingo, akusiyanitsanso chimodzimodzi: Yakobo ndi m'bale wa Ambuye, pamene Simiyoni mwana wa Klopa, amene analowa m'malo mwa Yakobo potsogolera mpingo wa ku Yerusalemu, ndi anepsios, chifukwa Klopa anali m'bale wa Yosefe. Kwa ine, umboni umenewu umafooketsa kwambiri yankho la Jerome, ngakhale kuti ndi limene linafala mu mpingo wa kumadzulo kwa Ulaya kwa zaka zoposa 1,000.

Yankho lachitatu ambiri salidziwa, chonsecho ndi lakale kuposa la Jerome. Limatchedwa ndi dzina la Epiphanius, episkopi wa ku Salamis pa chilumba cha Cyprus, amene analiteteza m'zaka za m'ma 370, ndipo ndi limene matchalitchi a Orthodox amagwira. Likuti Yosefe anali bambo wachikulire wofedwa, wokhala ndi ana a kwa mkazi woyamba. Gwero lake ndi kabuku kotchedwa Protoevangelium ya Yakobo, ka cha m'ma 150. M'menemo Yosefe akusankhidwa kuti asunge Mariya, ndipo poyamba akukana, akuti iye ndi nkhalamba, ali kale ndi ana, akuopa kusekedwa. Kabukuka sikali m'Baibulo, sikanalembedwe ndi Yakobo, ndipo muli zinthu zambiri zooneka kuti ndi nthano. N'komwenso kumachokera mayina a makolo a Mariya, Joachim ndi Anna. Sitingakatenge ngati mbiri yodalirika. Koma kakutiuza chinthu chimodzi chotsimikizika: pasanathe zaka pafupifupi 100 chiphedwere Yakobo, kunali kale Akhristu amene ankakhulupirira kuti abale a Yesu sanali ana a Mariya.

Ndipo yankho limeneli likugwirizana ndi tinthu tingapo ta m'Mauthenga. Liwu loti m'bale likukhala pamalo pake, monga mmene Yosefe akutchedwa bambo wa Yesu pa Luka 2:48 ngakhale sanamubereke. M'chaputala chomwe chija cha Marko 6, pa vesi 17, Filipo akutchedwa m'bale wa Herode, pamene amayi awo anali osiyana. Taonaninso khalidwe la abalewo: pa Marko 3:21 achibale akupita kukamugwira Yesu poganiza kuti wazungulira mutu, pa Yohane 7 abale akumuuza kuti achoke apite ku Yudeya. Amenewa akuchita zinthu ngati akuluakulu ake. Yosefe naye sakuonekanso Yesu atayamba ntchito yake, zimene sizingadabwitse ngati anali wamkulu kale. Chovuta chake n'chakuti palibe vesi ngakhale limodzi lonena za mkazi woyamba wa Yosefe, ndipo m'nkhani za ku Betelehemu ndi za kuthawira ku Igupto simukuoneka ana ena.

Pali mavesi enanso awiri amene oteteza unamwali wosatha amawakonda. Pa Luka 1:34 Mariya akufunsa mngelo kuti zitheka bwanji popeza sadziwa mwamuna, ndipo Augustine, episkopi wotchuka wa mpingo wakale, anaona m'funsoli lumbiro la unamwali. Ena amati ndi funso la mtsikana wotomeredwa amene sanalowe m'banja basi. Lina ndi Yohane 19:26-27, pamene Yesu ali pa mtanda akupereka amayi ake kwa wophunzira amene ankamukonda. Akanakhala ndi ana ena anayi aamuna, akanawapereka bwanji kwa munthu wapadera? Funsoli ndi lolemera ndithu. Oyankha amati abalewo pa nthawiyo anali asanakhulupirire ndipo pa mtanda panalibe, koma patangopita milungu yochepa tikuwapeza m'chipinda chimodzi ndi Mariya akupemphera, ndiye yankholo silikhutiritsa aliyense.

Mwina mukudzifunsa kuti n'chifukwa chiyani nkhani ya m'nyumba ya anthu awiri inautsa moto chonchi. Ku Roma wa m'ma 380 kunali mpungwepungwe pa funso lina: kodi moyo wosakwatira umaposa ukwati pamaso pa Mulungu? Jerome ankalimbikitsa atsikana ndi amayi amasiye kuti asakwatiwe. Helvidius ankateteza ulemu wa ukwati, ndipo Mariya wobereka ana ena anali chitsanzo chake. N'chifukwa chake Jerome sanakhutire ngakhale ndi Yosefe wofedwa. Anafuna kuti Yosefe nayenso akhale woti sanadziwepo mkazi. Kudziwa zimenezi sikutiuza amene ankalondola, koma kumatithandiza kumvetsa ukali wa mawu awo. Pambuyo pake mpingo unamanga mfundo: msonkhano waukulu wa ku Constantinople wa 553 unatchula Mariya kuti namwali nthawi zonse, ndipo msonkhano wa maepiskopi wa ku Lateran, ku Roma, wa 649, pansi pa Papa Martin Woyamba, unafotokoza chiphunzitsocho mwatsatanetsatane.

Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti otsogolera kukonzanso mpingo sanachikane. Martin Luther anachigwira mpaka imfa yake. Huldrych Zwingli anachilalikira. John Wesley, m'kalata yake ya 1749 yopita kwa Mkatolika, analemba kuti amakhulupirira kuti Mariya anakhalabe namwali ngakhale atabereka. Apulotesitanti ambiri anachisiya m'zaka za pambuyo pake, pamene mfundo yoti chiphunzitso chilichonse chionekere poyera m'Malemba inazika mizu. Mbali inayi nakonso, John P. Meier, wansembe wachikatolika komanso katswiri wa Chipangano Chatsopano, anafika ponena kuti tikangoyang'ana umboni wa mbiri pawokha, chothekera kwambiri n'chakuti anali abale ake enieni. Pomwe Richard Bauckham, wa mpingo wa Anglican, analemba poteteza kuti yankho la Epiphanius lisatayidwe msanga. Mwaonatu, akatswiri sayenda motsata mizere ya mipingo yawo.

Ine ndikaika zonsezi pa sikelo, mpikisano weniweni ndimauona pakati pa Helvidius ndi Epiphanius. Malemba paokha amapendekera pang'ono kwa Helvidius, koma satchula munthu wina aliyense kuti mwana wa Mariya kupatula Yesu. Umboni wakale wa mpingo umapendekera kwa Epiphanius, ngakhale Tertullian, wolemba wachikhristu wa cha m'ma 200, akuoneka kuti ankaganiza monga Helvidius. Mkatolika kapena wa Orthodox amalandira chiphunzitsochi chifukwa amakhulupirira kuti Mzimu Woyera amatsogolera mpingo posunga zimene unalandira, ndipo kwa iye chikwanira kuti Malemba sakuchitsutsa. Mpulotesitanti amafunsa kuti zalembedwa pati, ndipo akapanda kupeza vesi, salola kuti chikumbumtima cha munthu chimangidwe nacho. Ndiye mukakumana ndi mnzanu wa mbali ina, musanayambe kuponyerana Mateyu 1:25 ndi Genesis 13:8, mufunseni kaye kuti mwambo wa mpingo wa zaka zoyambirira amaupatsa malo otani pomasulira Baibulo.

Mu vidiyo yotsatira titsata Yakobo yemweyu: zinatheka bwanji kuti munthu amene sankakhulupirira pa Yohane 7 akhale amene akupereka chigamulo pa msonkhano wa ku Yerusalemu pa Machitidwe 15. Werenganiko 1 Akorinto 15:7 tisanakumane. Zikomo kwambiri.