Achimwene, Ndalama Zotsalazo Zidikire Kaye Batire Liyezedwe

Achimwene, ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Uthenga uno utalikirapo, choncho muumvetsere mutakhala pansi, osati muli pa chiwongolero. Alamu andiuza kuti chikole cha galimoto yamagetsi ija, yogwiritsidwapo kale ntchito, mwatumiza kale, ndipo wogulitsayo akufuna ndalama zotsala pofika Lachisanu. Musawadzudzule chifukwa chondiuza, pakuti nkhawa imene ali nayo ndi yomwenso ndili nayo ine. Kuti mugule galimoto yapamwamba sindikukana ayi, mwakhetsa thukuta zaka zambiri ndipo mukuyenera kukwera chinthu chabwino. Pempho langa ndi lakuti ndalama zotsalazo zisachoke m'manja mwanu kufikira batire la galimotoyo litayezedwa, ndipo zotsatira zake taziona tonse awiri.

Zithunzi zija ndaziona. Mipando yachikopa ilibe ming'alu, penti ikuwala, matayala akuoneka atsopano. Koma chinthu chenicheni chimene mukulipira sichikuoneka pa chithunzi chilichonse. Batire la galimoto zamtunduwu limayala pansi ponse, kuyambira kumatayala akutsogolo mpaka akumbuyo, limalemera makilogalamu 600 kapena kuposerapo, ndipo ndilo chipangizo chodula kuposa china chilichonse m'galimotomo. Likafooka, galimoto imaonekabe yatsopano pamene mtengo wake wagwa kale. Pagaraja pamene ndimagwira ntchito kuno ku Johannesburg, galimoto yotere ikabwera kuti tiione munthu asanaigule, choyamba timalumikiza kompyuta pa kabowo kamene kali pansi pa chiwongolero, n'kuwerenga mphamvu imene batire latsala nayo poyerekeza ndi pamene linali latsopano. Pa pepala amalemba kuti State of Health. Kompyutayo imaonetsanso ngati timaselo tonse ta m'katimo tikufanana mphamvu, chifukwa kagulu kamodzi kakatsalira m'mbuyo kamakokera pansi batire lonse. Pepala limenelo ndilo ndikufuna, lochokera kwa anthu a kampani yopanga galimotoyo kapena garaja yosadziwana ndi wogulitsa, lokhala ndi tsiku komanso nambala ya chasi. Chithunzi cha dashibodi chosonyeza makilomita otsala musachikhulupirire, popeza nambala imeneyo imasintha malinga ndi mmene munthu wayendetsera masiku apitawo.

Chimene chikundisowetsa tulo kwambiri ndi dzuwa la kwanuko. Inu mukulidziwa kuposa ine, mu Okutobala ndi Novembala mumzinda wa Tete kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo usiku makoma amakhala akutulutsabe moto. Batire la lithium limakhala bwino pa madigiri 20 mpaka 25. Kukatentha kwambiri, mankhwala a m'kati mwake amakalamba msanga ngakhale galimoto ili chiimire, ndipo zimaipiratu pamene batire ladzaza mpaka pakamwa kenako n'kusiyidwa padzuwa. Zili ngati foni imene mumaiwala padashibodi masana, imene pakatha miyezi ingapo imayamba kufuna kutchajidwa kawiri patsiku. Zimenezi zinaonekera poyera mu 2012 ku Arizona, dera lotentha la ku America, kumene eni ake a Nissan Leaf zoyambirira anadandaula kuti mabatire awo akuchepa mphamvu mofulumira, chifukwa galimotozo zinalibe madzi oziziritsa batire. Galimoto zapamwamba za masiku ano zili nawo madziwo, ndipo mpweya wozizira wa m'galimoto umathandizanso kuziziritsa batire. Zimenezo n'zabwino, koma zikutanthauza kuti kompresa ikafa kapena radiyeta ikatsekeka ndi fumbi, vuto silikhala la thukuta lanu lokha. Ndikaganiza fumbi la malasha la ku Moatize kumene mumapita tsiku ndi tsiku, lija limadetsa malaya oyera munthu asanafike n'komwe ku ofesi, ndikuona kuti radiyetayo idzafunika kutsukidwa pafupipafupi. Pakhomo panu pafunikanso denga loti galimoto izigona pamthunzi, ndipo pa maulendo a tsiku ndi tsiku muzitchaja kulekeza pa 80 peresenti, kudzazitsa kukhale kwa tsiku la ulendo wautali lokha.

Ndibwerere kwa wogulitsa uja, chifukwa pali mawu amene anakuuzani amene andikhumudwitsa. Akuti batire lili ndi garantiya, ndiye palibe choopa. N'zoona kuti makampani ambiri amatsimikizira batire kwa zaka 8 kapena makilomita 160,000, chimene chayamba kukwana, ndipo amalonjeza kulikonza likatsika kufika pansi pa 70 peresenti ya mphamvu yake. Mercedes-Benz pa galimoto yake ya EQS inapereka zaka 10 kapena makilomita 250,000. Koma zakazo zimawerengedwa kuyambira tsiku limene mwini wake woyamba anaigula, osati tsiku limene mwaigula inu. Ngati inatuluka mu 2020, ndiye kuti garantiya ya zaka 8 ikutha mu 2028. Komanso batire limene latsika kufika pa 75 peresenti, kwa kampani likadali labwinobwino, pamene kwa inu gawo limodzi mwa magawo anayi a ulendo lapita. Funso lalikulu kuposa pamenepo ndi lakuti garantiyayo idzawoloka malire kapena ayi, chifukwa nthawi zambiri imamangidwa ku dera limene galimoto inagulitsidwa koyamba, ndiponso imafuna umboni woti inkakonzedwa ku garaja yovomerezeka. Yankho la funso limeneli lichokere ku kampani, lolembedwa, lotchula Mozambique. Mawu apakamwa a munthu amene akudikira ndalama zanu Lachisanu sangakuthandizeni tsiku limene galimoto yaima.

Ndipo tsiku limenelo likafika, adzaikonza ndani? Amakaniko athu a pafupi ndi msika ndi anthu aluso, injini ya dizilo amaiphwasula n'kuimanganso, ndimawalemekeza kwambiri popeza ndiko ndinaphunzirira kugwira sipanala. Koma mawaya a mtundu wa lalanje amene mudzawaone pansi pa boneti amanyamula mavoti 400, ndipo mu Porsche Taycan amafika 800. Munthu wosaphunzitsidwa akawagwira akhoza kufera pomwepo. Chonde, zivute zitani, musadzalole aliyense kutsegula bokosi la batire kuti angoonako. Galimoto yotere saikokanso ndi chingwe matayala akugubuduka, imafuna kukwezedwa yonse pa lole. Ngati kokonzera kwake kuli kuno, ndiye kuti loleyo idzadutsa pa Cuchamano, Harare ndi Beitbridge, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,500 ndi malire awiri, ndipo ndalama za loleyo zidzachoka m'thumba mwanu.

Nambala ya chasi ija munditumizire lero lomwe, ndaikumbukira chifukwa cha nkhani ya moto imene alamu anafunsa. Muwauze kuti galimoto zamagetsi sizipsa kawirikawiri, asachite mantha opitirira. Komabe panakhala mitundu ina imene mabatire ake anatuluka kufakitale ali ndi chilema. Mu 2021 kampani ya General Motors inaitanitsa Chevrolet Bolt zonse, ndipo chaka chomwecho Hyundai inasintha mabatire a Kona yamagetsi. Kudula kwa galimoto sikunateteze ena, poti Jaguar I-Pace inaitanidwa mu 2023 ndipo Porsche Taycan mu 2024, zonsezi chifukwa cha chiopsezo cha batire. Ndi nambalayo ndidzafufuza ngati yanuyo inali m'gulu loitanidwa, ndiponso ngati ntchitoyo inachitikadi. Moto wa batire ukabuka umavuta kuzimitsa, umafuna madzi ambiri ndipo umatha kuyambiranso pakapita maola, choncho denga ndanena lija lisagundane ndi chipinda cha ana.

Tsopano ulendo wa kumudzi, umene ndikudziwa kuti ndiwo uli mumtima mwanu, kuti amayi adzaione galimotoyo itaima pabwalo ku Ulongwe. Inenso ndikulakalaka nditadzakhala pampando wakutsogolo tsiku limenelo, tikukwera kuchokera pa Mussacama mphepo itayamba kuzizira. Koma tiyeni tiwerenge. Tinene kuti pa pepala analemba makilomita 450. Nambala imeneyo amaipeza poyesa galimoto yatsopano, panyengo yabwino, yopanda katundu. Batire likakhala kuti latsala ndi 85 peresenti, mwatsika kale kufika cha m'ma 380. Muchotsepo za mpweya wozizira umene simungauzimitse, za liwiro la pamsewu waukulu, ndi za chitunda, chifukwa kuchoka mphepete mwa Zambezi kukafika ku Angónia, dera limene kuli Ulongwe, mumakwera mamita opitirira 1,000. Mtundawo ndi woposa makilomita 200. Kukafika mudzafika, koma kubwerera osatchaja musayerekeze, ngakhale kuti potsetsereka galimoto imabweza mphamvu pang'ono m'batire. Ndipo ndikukudziwani, simubwerako chimanjamanja, kumbuyo kumadzaza matumba a mbatatesi ndi nyemba. Inu amene mumayenda msewu umenewo, ndiuzeni ngati munaonapo malo otchajira galimoto pakati pa Moatize ndi Ulongwe. Mukadalira soketi ya m'nyumba mwa amayi, imene imapereka pafupifupi makilowati 2.3, batire losunga mayunitsi 90 a magetsi (kWh 90) lidzafuna maola pafupifupi 40 kuti lidzaze, ndipo mawaya a m'nyumba ija sanaikidwe kuti azinyamula katundu wotere usiku ndi usana. Soketi ikhoza kutentha mpaka kusungunuka.

Ngakhale kwanu mumzinda mpofunika kukonzekera galimoto isanafike. Mupite ku EDM, kampani ya magetsi ija, mukafunse ngati mphamvu imene mumalandira ikukwanira kuikapo chotchajira chapakhoma cha makilowati 7.4, chimene chimadzaza batire lotere m'maola 12 kapena 13, ndiye kuti usiku umodzi. Chikhale ndi waya wakewake kuchokera pa mita, waya wopita m'nthaka woikidwa bwino, ndi chotetezera ku mphezi ndi magetsi obwera mwamphamvu akazima n'kuyakanso. Muwerengerenso kuti kudzaza kamodzi kudzadya mayunitsi pafupifupi 100 pa mita yolipiriratu ya Credelec. Magetsi enieniwo dziko lathu lili nawo, damu la Cahora Bassa limapanga mamegawati 2,075 ndipo ambiri mwa iwo amabwera kuno ku South Africa pa mawaya ochokera ku Songo, moti ndikayatsa nyali madzulo ndimakumbuka kwathu. Koma batire lanu lidzadalira waya umene ukulowa m'nyumba mwanu, osati kukula kwa damu. Muonetsetsenso mtundu wa pulagi. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zili ndi pulagi yotchedwa CHAdeMO, pamene za ku Ulaya ndi kuno zimagwiritsa ntchito CCS2, ndipo ziwirizi sizilowana.

Pali kena kamene ndikadaiwala. Popeza batire lili kunsi, mufunse wogulitsa akweze galimotoyo m'mwamba, ajambule pansi pake ponse. Ngati chitsulo chotchinga batire chili chopindika kapena chokalika kwambiri, ndiye kuti inagundapo mwala, ndipo kampani ikhoza kukana garantiya pa chifukwa chimenecho chokha. Mufunsenso ngati inalowapo m'madzi osefukira. Inunso m'dzinja musadzaiwolotse pamadzi akuya, mukukumbuka mmene mtsinje wa Revúbuè unachitira mu Januwale 2022 pa nthawi ya namondwe Ana, mpaka mlatho unaduka. Ndiponso ikamanyamulidwa kubwera kwanuko, batire likhale ndi theka la mphamvu, chifukwa ikakakhala masabata ambiri pamalire kudikira mapepala a msonkho batire lili lopanda kanthu, likhoza kuwonongekeratu. Kabatire kakang'ono ka mavoti 12 nako kamatha galimoto ikaima nthawi yaitali, ndipo kakatha galimoto siyaka ngakhale batire lalikulu litadzaza. Zikadzatero musadzatekeseke, kameneko n'kotchipa.

Maganizo anga ndi awa, achimwene, ndipo mundikhululukire ngati ndikulankhula mopitirira msinkhu wanga. Ngati pepala lisonyeza 85 peresenti kapena kuposerapo, garantiya ikatsimikizika molembedwa, ndipo mukavomera kuti galimotoyi ntchito yake ikhale ya pakati pa Tete ndi Moatize, makilomita 20 okha aja, igulenitu, mudzasangalala nayo ndipo pa mafuta mudzapuma. Koma pikapu yanu yakale musaigulitse, imeneyo ndiyo ya kumudzi. Ngati mukufuna galimoto imodzi yochita zonse, ndingakonde muganizire ya hybrid, imene ili ndi injini ya petulo pambali pa batire. Wogulitsa akakana kuti batire liyezedwe, kapena akayamba kunena kuti pali wina amene akuifuna mawa, ndi bwino chikolecho chipite kusiyana n'kuti ndalama zonse zitsatire. Munditumizire nambala ya chasi, chaka chimene inalembetsedwa koyamba, ndi dera limene galimotoyo ili. Ngati ili m'chigawo chino cha Gauteng, Loweruka ndidzapita ndekha ndi kompyuta yathu ya kuntchito. Uthenga wopempha kuti adikire mpaka Lolemba mumulembere lero, ndipo yankho lake munditumizire mmene lilili.