Milungu khumi mu labotale: mmene ophunzira ochokera m'magulu osalidwa amalowera mu kafukufuku wa zaumoyo ku America

Moni nonse amene mukuonera. Lero tikukamba za mapulogalamu a ku United States amene amatenga ophunzira a digiri yoyamba pa tchuthi chachitali cha Juni mpaka Ogasiti, n'kuwaika m'malabotale a kafukufuku wa zaumoyo kwa milungu 8 mpaka 10. Ambiri mwa mapulogalamuwa anakhazikitsidwa poganizira anthu amene sapezekapezeka m'ntchito za sayansi, monga akuda, a mtundu wa Latino, eni nthaka a dzikolo, aulumali, komanso ana ochokera m'mabanja amene palibe anapondako pa yunivesite.

Tchuthi chimodzi chimalemera chonchi chifukwa amene amasankha ophunzira a PhD sayang'ana magiredi okha, koma amafunanso umboni woti munthuyo anagwirapo ntchito mu labotale, pamodzi ndi kalata yochokera kwa pulofesa amene anamuona akugwira. Wophunzira wa pa yunivesite yaikulu ngati Johns Hopkins angathe kungogogoda pakhomo la pulofesa wake, pamene wa pa koleji yaing'ono yopanda zipangizo alibe poyambira, ndipo ngakhale mwayi wogwira ntchito yongodzipereka utapezeka, mwana wa m'banja losauka amafunika kugwira ganyu pa tchuthipo kuti apeze ya fizi. N'chifukwa chake mapulogalamuwa amalipira madola masauzande angapo, ndipo ambiri amaperekanso malo ogona ndi ya ulendo. Kwa ine, malipirowa ndiwo mutu wa nkhani yonse.

Bungwe la boma la National Science Foundation linayambitsa pulogalamu yotereyi yotchedwa REU mu 1987, ndipo mu 1992 mgwirizano wa mayunivesite wochita ntchito yomweyi wotchedwa Leadership Alliance unakhazikitsidwa pa Brown University. Nalonso likulu la kafukufuku wa zaumoyo la NIH, ku Bethesda m'chigawo cha Maryland, lakhala likulandira ophunzira otere kwa zaka zambiri.

Ntchito yake si yapamwamba monga anthu amaganizira. Mlungu woyamba umatha wophunzira akuphunzira kugwira pipette, kachipangizo koyezera timadontho tating'ono kwambiri, ndipo amabwereza mpaka dzanja litazolowera. Amasintha madzi odyetsera maselo m'timbale, amavala magolovesi okhuthala potsegula firiji yozizira madigiri 80 pansi pa ziro, ndipo chilichonse amachilemba m'kope, ngakhale zimene zakanika, zomwe kawirikawiri zimakhala zochuluka kuposa zotheka. Womuyang'anira tsiku ndi tsiku nthawi zambiri si pulofesa mwiniwake, koma wophunzira wa PhD amene ali naye pa benchi imodzi. Pamapeto pake wophunzirayo amaima pambali pa posita yake n'kumayankha mafunso a akatswiri, ndipo ena amakaionetsanso ku msonkhano waukulu wa ophunzira otere wotchedwa ABRCMS, umene unayamba mu 2001.

Zipatso za thandizo lotere zimaoneka. Kizzmekia Corbett, amene anali mmodzi mwa otsogolera gulu la ku NIH limene linakonza katemera wa COVID-19 mogwirizana ndi kampani ya Moderna, anadutsa mu pulogalamu ya Meyerhoff, yothandiza ophunzira otere pa maphunziro a sayansi, pa University of Maryland, Baltimore County, ndipo anayamba kugwira ntchito m'malabotale akadali pa sukulu. Komabe mpata udakalipo waukulu, pakuti kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya Science mu 2011 anapeza kuti asayansi akuda ankapeza ndalama za kafukufuku ku NIH movutikira kusiyana ndi azungu amaphunziro ofanana.

Kenako zinthu zinasintha. Mu Juni 2023 khoti lalikulu la dzikolo linaletsa mayunivesite kuyang'ana mtundu wa munthu posankha ophunzira, ndipo mu 2025 boma la Donald Trump linalamula kuti ntchito zolimbikitsa kuphatikiza mitundu zithe m'nthambi za boma, zimene zinachititsa kuti mapulogalamu ena ataye ndalama, ena asinthe malamulo awo n'kutsegukira aliyense.

Kwa Amalawi amene akuphunzira ku America, mfundo yofunika ndi ya mapepala. Mapulogalamu olipiridwa ndi boma, monga REU, amafuna nzika kapena munthu wokhala ndi green card, chiphaso chomulola kukhala m'dzikolo mokhazikika, choncho amene ali pa viza ya sukulu ayang'ane amene yunivesite imalipira ndi ndalama zake. Ambiri amatseka kulandira makalata cha mu Febuluwale, motero pulofesa woti akulembereni kalata mumupemphe chaka chisanathe.