Kutupa kobisika m'thupi ndi matenda a kuthamanga kwa magazi

A Gulupu, mafumu athu, amayi ndi abambo, komanso inu achinyamata amene mwakhala kumbuyoko, zikomo pondilola kuima pamaso panu. Nkhani imene ndabwera nayo ndi ya kuthamanga kwa magazi, matenda amene tonse timangowatchula kuti BP, ndipo ndikufuna tione mmene akugwirizanirana ndi kutupa kwina kwa m'kati mwa thupi, kumene maso sakuona koma magazi amakuulula.

Kutupa tonse tikukudziwa. Munthu akadzitema ndi khasu, pabalapo pamafiira, pamatentha ndiponso pamapweteka, chifukwa asilikali a m'thupi amathamangira pomwepo kukalimbana ndi tizilombo ndi kukonza pamene paonongeka. Kutupa kotereku n'kothandiza, ndipo bala likapola kumatha. Vuto limabwera pamene asilikaliwo sakubwerera m'malo mwawo, koma akungomenya nkhondo yaing'ono mosalekeza kwa miyezi ndi zaka, mwini thupi osamva kupweteka kulikonse.

Nkhondo yotereyi imasiya zizindikiro m'magazi. Asilikali aja amatulutsa timadzi totumizirana uthenga, ndipo ena mwa timadzito, otchedwa IL-6, akafika kuchiwindi, chiwindicho chimapanga puloteni yotchedwa CRP n'kuithira m'magazi. Puloteni imeneyi anaitulukira mu 1930 madokotala awiri a ku New York, William Tillett ndi Thomas Francis, m'magazi a odwala chibayo. Masiku ano pali kayezedwe kamene kamatha kuona ngakhale CRP yochepa kwambiri. Ikakhala yosafika miligalamu 1 pa lita imodzi ya magazi, chiopsezo cha matenda a mtima chimaonedwa kuti n'chochepa. Ikapitirira 3, chiopsezocho n'chachikulu. Ikadutsa 10, dokotala amayamba waganizira matenda amene akumuvuta munthuyo pa nthawiyo, monga malungo, chibayo kapena chifuwa chachikulu.

Tsono zimenezi zikukhudzana bwanji ndi BP? Ku America akatswiri anatsatira amayi oposa 20,000 amene poyamba analibe matendawa, kwa zaka pafupifupi 8, ndipo zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2003, zinasonyeza kuti amayi amene anali ndi CRP yokwera pachiyambi ndiwo anadzapezeka kwambiri ndi BP pambuyo pake. Chifukwa chake chili m'mitsempha ya magazi. M'kati mwa mtsempha uliwonse muli kakhungu kopyapyala kamene kamatulutsa mpweya wina wothandiza mtsemphawo kumasuka magazi akamadutsa. Kutupa kukakhalitsa, kakhunguka kamavulala, mpweya uja umachepa, ndipo mtsempha umayamba kuuma. Inu a kabaza amene mumayenda pakati pa Chitakale ndi Limbuli mukudziwa kusiyana kwa chubu chatsopano, chimene chimatamuka mukachipopa, ndi chubu chakale chouma, chimene chimangong'aluka. Mitsempha ikauma chomwecho, mtima umakakamizika kupopa mwamphamvu, ndipo mphamvu imeneyo ndi imene makina a kuchipatala amaiwerenga. Impso nazo zikakhudzidwa ndi kutupaku zimasunga mchere ndi madzi ochuluka m'thupi. Chomvetsa chisoni n'chakuti BP ikakwera imavulazanso kakhungu komwe kaja, choncho ziwirizi zimakolezerana.

Pano ndikufuna mundimvetsetse bwino, amayi ndi abambo, chifukwa apa m'pamene anthu angasochere. CRP ndi chizindikiro chabe. Akatswiri atafufuza anthu amene mwachibadwa amakhala ndi CRP yokwera, sanapeze umboni woti puloteniyo payokha ndi imene imayambitsa BP. Komanso mu 2017 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa CANTOS, wa anthu oposa 10,000 amene anadwalapo mtima, amene ena mwa iwo ankabayidwa mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa. CRP yawo inatsika, kudwalanso mtima kunachepa ndithu, koma BP yawo sinatsike. Choncho pasapezeke wina wokunamizani kuti ali ndi mankhwala otsuka magazi amene angathetse BP pochotsa kutupa. Ndikuchenjezeninso za bulufeni, indosidi ndi dikilofenaki, amene ambiri a ife, makamaka othyola tiyi, timagula pagolosale msana ukamapweteka. N'zoona kuti amachepetsa kutupa kwa pabondo kapena pamsana, koma akamamwedwa tsiku ndi tsiku amakweza BP ndi kuononga impso, ndipo amafooketsa mphamvu ya mankhwala ena a BP. Ngati muli ndi matendawa, funsani kuchipatala musanawamwe.

Phindu la nkhaniyi kwa ife n'lakuti ikutilozera kumene kutupa kosatha kumachokera, ndipo zambiri mwa zimenezo zili pakhomo pathu pomwe. Fodya, kaya wa m'paketi kaya chingambwe, amavulaza mitsempha. Utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda mazenera umachitanso chimodzimodzi, ndipo amene amaupuma m'mawa ndi madzulo ndi amayi athu pamodzi ndi ana amene ali kumbuyo. Mafuta a pamimba, amene ena timawayesa chizindikiro cha kupeza bwino, amatulutsa okha IL-6 uja usana ndi usiku. Matenda a shuga ndi mowa wopitirira muyeso zilinso m'gulu lomweli.

Pali ziwiri zimene sitiziganizira kawirikawiri. Choyamba ndi m'kamwa. Munthu amene nkhama zake zimatuluka magazi akamatsuka mano, mpaka mano kumagwedera, amakhala ndi chilonda chosapola chimene chimalowetsa tizilombo m'magazi tsiku lililonse, ndipo kafukufuku wasonyeza kuti anthu otere amapezeka ndi BP kawirikawiri kuposa anzawo. Chiseyeye si chinthu chongochizolowera ayi. Chachiwiri chikukhudza abale athu amene ali ndi kachilombo ka HIV. Ma ARV amachepetsa kwambiri kutupa kumene kachilomboka kamabweretsa, n'chifukwa chake kudumphitsa mankhwala n'koopsa, komabe kutupa pang'ono kumatsalira ngakhale mwa amene akumwa mokhulupirika. Pempho langa n'lakuti mukapita kukalandira mankhwala anu, muzipempha kuti akuyezeninso BP.

Wina angafunse ngati ayenera kukayezetsa CRP. Kwa ambiri a ife yankho n'lakuti ayi, pokhapokha dokotala ataona chifukwa chake, pakuti kuno kwathu malungo okha angathe kuikweza kwambiri, ndipo munthu angadandaule pachabe. Kuyeza kumene aliyense wamkulu akufunika ndi kwa pamkono, kumene sikutenga magazi ndipo sikuchedwa. Kafukufuku wa m'dziko lonse la Malawi wa mu 2009 anapeza kuti mwa anthu azaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi BP yokwera, ndipo oposa 9 mwa 10 a iwo sankadziwa. Ambiri amadzadziwa atagwa kale n'kufa ziwalo mbali imodzi, apo n'kuti pamudzi tayamba kale kulozana zala.

Nambala zikamafika 140 pa 90 kapena kupitirira, pa masiku osiyana, ndiye kuti matendawa alipo, ngakhale mutu usakupwetekeni. Mukapatsidwa mankhwala, monga HCTZ kapena amlodipine, musawasiye chifukwa choti mukupeza bwino. Mchere wa tsiku lonse usafike magalamu 5, amene ndi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa m'ndiwo womwe, ndipo soda wa m'therere nayenso ali ndi chinthu chomwecho chimene chimakweza BP. Nandolo, nthochi, mapeyala ndi masamba zimene timalima tokha kuno ku Mulanje tizidya ndithu, osangozitengera zonse kumsika.

Makina oyezera BP alipo ku chipatala cha boma cha Mulanje ndi ku Mulanje Mission, ndipo alangizi athu a zaumoyo angakuuzeni malo ena apafupi. Amayi oyembekezera aziyezedwa ulendo uliwonse wa kusikelo. A Gulupu, ndikupempha kuti tsopano mulole amene ali ndi mafunso aimike manja.