Mawu a M'mawa: Tolani Makombo, Pasatayike Kanthu

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo a m'Chigwa cha Shire muno, kuyambira pa Thabwa mpaka ku Marka, ndi inu a kutsidya ku East Bank? Ambirife tagona panja chifukwa cha kutenthaku, koma kwacha tili amoyo, ndipo amene watidzutsa ndi Ambuye. Lero tiwerenge Yohane 6:1-13, maso athu akhale pa ndime 12.

Nkhaniyi tinaimva kale ku Sande sukulu. Chikhamu chamutsatira Yesu kutsidya kwa nyanja ya Galileya, amuna okha ngati 5,000. Filipo awerengetsera, apeza kuti ngakhale malipiro a masiku 200 sangagule mkate woti aliyense alaweko. Andreya abwera ndi mnyamata amene ali ndi mikate isanu ndi tinsomba tiwiri. Yesu ayamika, agawa, anthu adya mpaka kukhuta. Alaliki ambiri amatsekera pomwepa, mpingo n'kuwomba m'manja. Komatu nkhaniyo sinathe. Anthu atakhuta, Yesu anauza ophunzira ake kuti atole makombo onse kuti pasatayike kanthu, ndipo anadzaza mitanga 12.

Taganizani, munthu amene angathe kuchulukitsa mkate nthawi iliyonse imene wafuna, akuvutikiranji ndi zinyenyeswa? Yohane akuti pamalopo panali udzu wambiri. Ndiye kuti Petro ndi anzake anawerama, kupatula udzuwo ndi zala, kufunafuna tizidutswa timene anthu okhuta anataya. Mwini chuma chonse ndiye anawaweramitsa. Chimene chachokera m'dzanja la Mulungu chimakhalabe chake ngakhale ife takhuta, ndipo Iye safuna kuchiona chikupondedwa. Ndi mawu omwewo amene munthu woyamba anauzidwa pa Genesis 2:15, kuti munda aulime ndiponso ausunge. Kulimako tikulima ndithu. Pa kusunga ndi pamene patikanika.

Ndikudziwa zimene ena mukunena mumtima. Mukuti, ife a m'Chigwa tatayapo chiyani? Madzi amene amatikokolola sagwa kuno okha. Amatsika kuchokera ku Mulanje ndi Thyolo kudzera mu Ruo, ena abwera ndi mtsinje wa Mwanza, onse n'kudzakumana pakhomo pathu atasenza mchenga wa m'mapiri amene ena anameta. Makala amene amakwera Thabwa pa njinga usiku amakaphikira anthu a ku Blantyre. Mu January 2015 tinasefukiridwa. Mu March 2019 anabwera namondwe Idai. Mu January 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, dziko lonse n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 a magetsi. Mu March 2023 Freddy, ndipo misozi isanaume, 2024 inabwera ndi chilala. Dandaulo limeneli ndi loona. Ine sindingaime paguwa n'kuuza mayi wa ku Makhanga amene wagonapo pa kampu, amene njala ikavuta amalowa m'dambo la ng'ona kukazula nyika, kuti namondwe anadza chifukwa cha tchimo lake. Alibe fakitale, alibe galimoto. Aboma ndi maiko olemera ali ndi mlandu wawo woti ayankhe.

Koma tsiku lija Yesu sanatume ophunzira kukakonza za njala ya Galileya yense. Anawauza kutola zimene zinali pa mapazi awo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 564,684 m'boma la Chikwawa ndi 299,168 m'boma la Nsanje. Anthu onsewa amadya chophikidwa pamoto, kawiri pa tsiku ngati zinthu zili bwino. Chikuni chimodzi chikapulumuka pa khomo lililonse m'mawa uno, mitengo yosagwa lero ndi yambiri.

Ndiye tiyambire pamoto pomwepo. Amayi, tayang'anani mafuwa anu atatu aja pamene mphepo ikuwomba. Malawi akuthawira kumbali, akulambula mwendo wa mwana, poto akungolandirako pang'ono. Nkhuni zimene munakasenza mtunda wautali dzuwa lili pamutu zikutenthetsa bwalo. Mbaula ya dothi ija ya Chitetezo, imene magulu a amayi amaumba, imatsekera moto m'kati kuti upite pa poto, ndipo imayaka ndi tinkhuni ting'onoting'ono, zitsononkho, ngakhale mitengo ya nandolo. Ngati ndalama yogulira palibe, dothi lilipo. Kumata kachipupa kuzungulira mafuwa kumatchinga kale mphepo. Nyemba kapena khobwe wouma mukamuviika m'madzi usiku, m'mawa amapsa msanga. Poto wovundikira amawira msanga kuposa wapululu. Nsima ikapsa, zikuni zotsala zikokeni, muzizimitse mumchenga. Madzulo zigwiranso ntchito. Ndipo mkute si chamanyazi. Mwana amene wadya mkute wotenthetsa asanapite kusukulu amamva zimene aphunzitsi akunena.

Pa mitengo ndikhalapo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene timadzinamiza kwambiri. Chaka chilichonse nyengo yobzala mitengo imatsegulidwa pa 15 December mpaka pa 15 April. Timalandira mbande m'machubu, tibzala, tijambulitsa, tiimba nyimbo. Pofika October, mbuzi zadya, chiswe chadula, dzuwa lamaliza zotsalazo. Chaka chinacho tibzalanso pa dzenje lomwelo. Pomwe m'munda mwathu momwemo muli zitsa zimene chaka ndi chaka zimaphuka zokha, ife n'kumazisadza pososa, kuziunjikira zinyalala n'kuyatsa.

Abambo, mukapita kumunda lero taimani pa chitsa chimodzi muchiyang'anitsitse. Pali mphukira mwina khumi zothithikana, zikulimbirana chakudya. Pansi pake pali mizu ya mtengo wakale, yozama, imene inafika kale pa chinyezi chimene mbande ya m'chubu ingachifike patapita zaka. Sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka ndi zamphamvu. Zinazo dulani ndi chikwanje chakuthwa, modulira m'mwamba kuti khungwa lisang'ambike. Zosankhidwazo muzisadzule nthambi za m'munsi, muzitchinge ndi minga kuti mbuzi zisafike. Zimene mwadulazo ndi nkhuni za lero. Simunagule mbande, simunathirire, koma mtengo wadzuka. Ndipo ukakhala msangu, muusamale ngati mwana. Mtengo umenewu Mlengi anaupanga modabwitsa: nthawi ya dzinja, mitengo ina ikubiriwira, iwo umayoyola masamba, moti mapira kapena chimanga cha pansi pake chimapeza dzuwa, masamba ogwawo n'kusanduka chonde. Chilimwe chikafika umavala masamba, ng'ombe zipeza mthunzi ndi zipatso zake zodya. Wodula msangu m'munda mwake kuti aotche thumba la makala wagulitsa feteleza wa zaka zambiri pa mtengo wa ndiwo za sabata imodzi.

Sindikunena kuti kubzala n'kulakwa. Nimu wa pakhomo, chammwamba, bwemba, masau, zonsezi zimapirira kutentha kwathu kuno. Koma bzalani mitengo imene mungathe kuilera. Iwiri yotchingidwa bwino, yomwa madzi otsukira mbale ndi osambira amene timangowakhuthulira pabwalo, iposa makumi asanu osiyidwa kutchire. Madzi amene mtsikana wanu wapopa pa mjigo n'kusenza pamutu, asagwire ntchito imodzi yokha n'kutayika.

Pali china chimene chimandichititsa manyazi ngati Mkhristu. Makolo athu a Chimang'anja anasiya nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje osailowetsa nkhwangwa, chifukwa cha ulemu wawo kwa Mbona. Kaya wina amaganiza zotani za chipembedzo chimenecho, mitengo yake ilipo, aliyense angathe kuiona. Nanga ife amene timawerenga Salimo 24:1 kuti dziko lapansi ndi zonse za m'menemo ndi za Yehova, pa tchalitchi pathu pali mitengo ingati? Bwalo lili see, amayi a chigwirizano akusowa pokhala pochita msonkhano, ndipo njerwa zomangira nyumba ya abusa tinaotchera mitengo ya m'mbali mwa mtsinje. Akuluampingo, nkhani iyi ilowe nawo pa zokambirana.

Tipite kukhola. Chigwa chino chimadziwika ndi ng'ombe ndi mbuzi. Amene anafikapo pa msika wa ng'ombe ku Ngabu akudziwa. Koma ndowe zimangounjikana m'makola mpaka madzi osefukira adzazitenge, pomwe mwini khola akulira mtengo wa feteleza. Phulusa la m'mawa uno latayidwa kudzala. Madeya atsala kuchigayo. Alangizi a zaulimi amaphunzitsa manyowa a Mbeya: ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza wogula pang'ono, kusakaniza, kuwaza madzi, kumanga bwino m'thumba losalowa mpweya, n'kudikira masiku 21. Feteleza wochepa uja amafika patali, ndipo nthaka imasunga chinyezi kuposa ya feteleza yekhayekha. Miyezo yake afunseni alangizi a dera lanu, ndi ntchito yawo. Mapesi a mapira ndi a chimanga amene ziweto zasiya, musawayatse; agoneke pansi aphimbe nthaka, chifukwa nthaka yamaliseche dzuwa lathu limaiwotcha, mvula yoyamba n'kuikokolola. Mitengo ya thonje yokha ndiyo ina: imeneyo zulani n'kuotcha monga amalangizira, kuti mbozi zisagonere m'munda kudikira thonje la chaka chamawa. Ndipo anyamata, mbewa zisanu si chifukwa choyatsira tchire lonse.

Za majumbo sindichulukitsa. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika mamaikoloni 60, mu 2015, ndipo khoti lalikulu la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, komabe pa Nchalo, pa Dyeratu, pa Bangula, akungouluka. Funsani opha mbuzi zimene amapeza m'mimba mwa mbuzi yoonda popanda matenda odziwika. Agogo athu ankapita kumsika ndi dengu kapena chikwama cha mlaza, tomato ankafika kunyumba bwinobwino.

Asodzi, inunso Mulungu anakuganizirani. Pa Deuteronomo 22:6-7 anauza Aisraeli kuti akapeza chisa cha mbalame, asatenge make pamodzi ndi ana. Make amusiye apite, kuti zinthu ziwayendere bwino ndi kuti masiku awo achuluke. Mulungu wa kumwamba kulamula za kambalame ka m'chisa! Neti ya udzudzu ikalowa m'madzi imakokolola make, ana ndi mazira omwe. Dambo lathu la Elephant Marsh linalembedwa mu 2017 pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse, koma amene adzalire mlamba ukasowa si olemba mndandandawo. Ndipo neti ikakhala kudambo, mwana kunyumba akugona ndi udzudzu.

Nkhani yovuta ndi ya m'mphepete mwa mitsinje, ndipo sindiinena mopepuka. Dimba ndiye moyo wathu; mvula ikakanika kumtunda, mbatata ndi chimanga cha kudimba ndi zimene zimatifikitsa chaka china. Munthu wa malo ochepa ukamuuza kuti asiye kulima kugombe, amakufunsa kuti ana adya chiyani, ndipo funsolo ndi lachilungamo. Komabe akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Bango ndi nsenjere zimene timazula kuti tiwonjezere mizere itatu ndi zimene zimagwira gombe, ndipo zikachoka mtsinje umatenga mizere itatuyo pamodzi ndi ina makumi awiri. Siyaniko kamzere ka bango, bzalani vetiva kapena nsungwi. Izi munthu mmodzi sangazithe ngati oyandikana naye akulima mpaka m'madzi. N'zofunika kukhalirana pansi ndi amfumu.

Wina anena kuti, kodi Yesu yemweyo sanati tisadere nkhawa za mawa? Anaterodi, pa Mateyu 6:34. Koma amene ananena mawu amenewo ndi yemweyo amene anatoletsa makombo. Nkhawa ndi ija imakulanda tulo, n'kukuiwalitsa kuti uli ndi Atate. Kuviika nyemba usiku, kufutsa masamba a khobwe ndi nkhwani pamene achuluka, kuyanika masau, kusunga mbewu ya mapira ndi mchewere pamalo okwera pamene madzi sangafike, zimenezo munthu amachita mtima uli m'malo, akuimba nyimbo. Yosefe anasunga limodzi mwa magawo asanu a zokolola za Ejipito m'zaka za dzinthu dzambiri, ndipo palibe amene amati Yosefe analibe chikhulupiriro.

Abambo anzanga, ndikupempheni chinthu chimodzi tisanapemphere. Zambiri zimene ndatchulazi tikangozisiya, zigwera amayi ndi atsikana, amene ntchito yawachulukira kale. Amene anatola makombo tsiku lija anali amuna akuluakulu, atumwi. Kutchinga mtengo ndi minga, kututa ndowe, kukumba dzenje la manyowa, kuponda dothi la mbaula, sizichotsa ubambo wa munthu. Musadikire bungwe libwere ndi ma T-shirt. Sankhani chimodzi m'banja mwanu, mukambirane pa phala la m'mawa uno, ana amve nawo.

Tipemphere. Atate wathu wa kumwamba, tikuyamikani chifukwa cha tsiku latsopano. Kumbukirani amene adzuka opanda ufa m'nyumba, ndi amene akumangabe pamalo atsopano atasamuka kothawa madzi. Tetezani amayi ndi ana otunga madzi ku Shire ku ng'ona, ndi alimi a kudimba ku mvuu. Patsani nzeru mafumu athu, alangizi ndi onse olamula. Tipatseni mvula ya chaka chino pa nthawi yake, yofatsa, yolowa pansi. Dalitsani manja amene akupita kumunda, kumsika, kuminda ya nzimbe ndi kusukulu m'mawa uno. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.